Mankhwala a Mwana Mmodzi

"Ndiye mukufuna ndinene kuti sindinaone? Maso angawa ndiwakolowole?"

"Tsitsa mawu, iwe. Aneba akumva."

"Amve! Mwina iwo andiyankha, poti inu mwasanduka chitsa."

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chibadwire mwana wathu. Ndinali nditachokako pang'ono kuchipatala kudzasamba ndi kudzachapa nsalu, ndipo ndinapeza amuna anga ali pampando akumanga zingwe za nsapato kuti abwerere kuntchito. Ankagwira pachipatala chomwecho. Ntchito yawo inali kukankha ngolo ya makatoni kuchokera kosungira mankhwala kupita m'mawodi, ndipo kuyambira mlonda wa pageti mpaka madokotala, aliyense ankangowaitana kuti Ngolo.

"Ndaona ndi maso anga," ndinatero. "Nesi watenga kapaipi kopopera makhololo, wakavuula m'beseni, n'kukalowetsa kukhosi kwa mwana wathu. M'besenimo munali tina tisanu, tonse m'madzi amodzi. Nditafunsa, akuti tatsopano tinatha. Tinatha bwanji, poti inu Lachisanu lililonse mumabwera mukudandaula msana, ati mwakweza makatoni m'galimoto ya abwana anu?"

"Ine ndimanyamula zimene ndauzidwa. Sinditsegula katoni."

"Simutsegula, koma kuwerenga mumatha."

Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anali atabwera kudzatithandiza. Analowa ndi mbale zonyowa m'manja, n'kuziika patebulo mwaphokoso.

"Mkazi anayamba liti kufufuza za kuntchito kwa mwamuna wake? Inu mayi a mwana, tandiuzani, mwanayu wabadwa miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha ndani? Sindinanene kuti musiye kupondaponda makina osokera aja ndi chimimba chotero? Simunamve. Lero mukusaka woti mumusenzetse."

"Amayi, adokotala anati si makina."

"Adokotala analipo muno?"

Amuna anga anaimirira n'kuvala jekete lawo la kuntchito. Sanandiyang'ane.

"Zaka zinayi ndakhala waganyu pamene paja. Abwana andilonjeza kuti mwezi wamawa andilemba ntchito yokhazikika. Ndikatsegula pakamwa lero, mwanayo akatuluka adzagona pati?"

"Akatuluka," ndinabwereza.

Amuna anga anatuluka osatseka chitseko.

Chipinda cha makanda odwala kwambiri chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Nsapato tinkasiya panja. Pakhomo panali sinki ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe kuti kasasowe, koma mpopiwo unkatulutsa madzi m'mawa mokha. Masana tinkathirirana a m'ndowa. M'kati munali timabedi tagalasi tisanu ndi kamodzi, ndipo munkatentha ngati m'thumba. Makina opumira anali anayi, onse akufwenthera ndi kulira mosiyanasiyana, moti ukatuluka phokosolo linkakutsatira m'makutu mpaka kumsewu.

Wanga anali pabedi lachinayi. Anali mwana wamwamuna, wotalika ngati nsapato ya bambo ake. Kapaipi ka makina kankalowa pakamwa pake mpaka kukhosi, atakamata ndi pulasitala m'masaya. Akafuna kulira, nkhope inkakwinyika, kamwa n'kuyasama, koma mawu osatuluka. Ine ndinkangoima pambali ndi kapu yanga, kukama mkaka kuti amuthirire kudzera m'kachubu ka m'mphuno.

Pabedi lachitatu panali mwana wamkazi. Mayi ake anali mzimayi wathupi, woluka tsitsi, wokonda kuseka. Anadikira zaka khumi ndi chimodzi kuti aone mwana ameneyu.

"Wanuyu ndi mkamwini wanga, ndamugwiriratu," ankatero tikamakama. "Taonani, agona moyandikana asanapereke n'komwe moni kwa makolo. Ana a masiku ano!"

Tinkaseka chapansipansi kuti nesi asatithamangitse. Akamaliza kukama ankandiluka tsitsi pakhonde, ati mkamwini wawo asadzatsegule maso n'kuona mayi ake ali ngati tsache.

Mwana wa pabedi loyamba anapita Lachiwiri la sabata yotsatira. Tinaona nesi akukoka katani, kenako makina amodzi anasiya kulira. Ola lisanathe, pabedi lomwelo panali patagona khanda lina, pa makina omwewo. Lachinayi anapita wa pabedi lachisanu. Amayi a ana tinasiya kuyang'anana m'maso. Mayi a bedi lachitatu anasiya nthabwala zawo.

Tsiku limenelo ndinamudikirira nesi wamkulu pasinki. Tinkamutchula Nesi Wamtali. Anali yekha ndi makanda onse asanu ndi mmodzi kuyambira m'mawa.

"Anesi, ndiuzeni zoona. Chikupha anawa n'chiyani?"

Anapukuta manja pa yunifolomu yake n'kuyang'ana kukhonde ngati kukubwera munthu.

"Mayi, khanda likakhala pa makina, kukhosi kwake kumakhala ngati khomo losatseka. Kachilombo kalikonse kamene kali pamanja, pagolovesi kapena pakapaipi kamatsika mpaka m'mapapo. N'chifukwa chake kapaipi kopopera kamayenera kugwira ntchito kamodzi n'kutayidwa. Mwana mmodzi amafunika tambiri pa tsiku. Ine andipatsa khumi kuti tikwane sabata yonse, ana onse."

"Ndiye mumangotsuka?"

"Ndimawiritsa magetsi akakhalapo. Ndikapanda kupopa, makhololo amutsamwitsa mwana wanu lero lomwe. Ndikapopa, ndimapopa ndikupemphera. Makalata ndalemba anayi. Yankho lake n'lakuti katundu sanabwere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti ndine mkazi wa ndani. Kenako anabwerera kwa makanda.

M'mawa mwake ndinapeza zinthu zasintha pabedi lachinayi. Makhololo amene ankatuluka m'kapaipi sanalinso oyera. Anali achikasu, olimba ngati mafinya. Mwana anali wotuwa, mimba itatupa, manja atagwa m'mbali. Makina ankangolira pafupipafupi, nesi n'kumathamanga kukawonjezera mpweya. Pabedi lachitatu zinali chimodzimodzi.

Dokotala wa ana, mayi wochepa thupi wa mawu osasa, anatenga makhololo a ana awiriwo n'kutumiza ku labu. Anawayambitsa mankhwala amene analipo. Loweruka masana anatiitana tonse awiri pakhonde.

"Zotsatira zoyamba zabwera. Ana anu ali ndi chibayo, ndipo kachilombo kake ndi kamodzi, ka bakiteriya kamene kanapezekanso mwa ana awiri aja. Mankhwala amene tikubayawa kachilomboka sikakuwamva. Alipo amtundu wina amene angakaphe."

"Ndiye abayeni, adokotala," anatero mayi a bedi lachitatu.

"Atha. Taitanitsa, koma akuti mwina sabata ziwiri."

"Sabata ziwiri mwanayu afika?"

Dokotala analemba dzina la mankhwalawo pa timapepala tiwiri n'kutipatsa, kuti achibale ayese kufunsa m'mafamase. Mayi a bedi lachitatu anaimbira amuna awo pomwepo. Amunawo anazungulira tauni yonse mpaka dzuwa kulowa, osawapeza.

Ine ndinapita nako kunyumba kapepalako. Ndinapeza amuna anga akukonza wailesi patebulo, apongozi akusita. Ndinakaika pamwamba pa wailesiyo.

"Werengani."

Anawerenga.

"Katoni yoyera," anatero motsitsa, "ya mzere wofiira m'mbali."

"Mwaidziwa."

"Anali makatoni awiri. Lachisanu la sabata yatha."

Apongozi anaimika simbi. "Ukunena chiyani, mwana wanga?"

"Abwana ali ndi kiliniki yawo kuseri kwa msika, amayi. Dzina ndi la mlamu wawo, koma ndi yawo. Ndimakweza pano, ndimakatsitsa kumeneko."

"Ndiye nyamukani," ndinatero. "Pitani mukawatenge."

"Ndikalowa bwanji? Ndikanena kuti chiyani? Munthu uja sakhala kumeneko Loweruka. Ndidikire Lolemba ndikalankhule naye bwinobwino kuofesi."

"Lolemba! Mwamuona mwana wanu lero? Mwalowamo m'chipinda muja?"

"Ndimadutsa pawindo."

"Pawindo! Mumaopa chiyani kulowa? Mumaopa kuti akuyang'anani?"

Anamenya tebulo, zomangira za wailesi n'kumwazikira pansi. "Ukuganiza kuti ine ndikugona? Ukuganiza kuti sindikumva makina aja ndikamakankha ngolo pakhonde? Munthu uja akhoza kundimaliza ndi foni imodzi!"

"Musiyeni mwana wanga aganize," anatero apongozi. "Zinthu za akuluakulu sazithamangira. Mulungu amene wamusunga mwanayo mpaka lero amusunga mpaka Lolemba."

Ndinatola nsalu zanga n'kubwerera kuchipatala. Lamulungu lonse ndinakhala pabenchi ndi mayi a bedi lachitatu, iwo akuimbira foni abale awo a kutali kuti afunse m'mafamase a kumeneko. Ndinkadziwa kumene kunali mankhwalawo. Kuchokera pabenchipo mpaka kuseri kwa msika ndi ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Ndinangokhala, manja ali pamiyendo.

Lolemba madzulo amuna anga anandiitanira kuseri kwa nyumba yochapira ya chipatala. Anatulutsa m'jekete kamtolo kokulunga m'nyuzipepala. M'kati munali timabotolo tisanu ndi titatu.

"Akuti awa ndi a mwana wathu yekha. Ukanene kuti tagula m'tauni. Akutinso ndikumbukire kuti m'buku la pageti, pa katundu yense wotuluka, amene anasaina ndine."

"Nanga wa bedi lachitatu?"

"Iwe, ndachita kugwada kuti ndipeze amenewa. Usandifunse za ana a eni."

Ndinathamanga nawo. Nesi Wamtali anatembenuza kabotolo kamodzi pa kuwala. Pachipepala chake panali popalidwa ndi lezala, koma theka la chidindo cha chipatala linkaonekabe. Anakaitana dokotala.

Dokotala anayang'ana timabotolo, n'kuyang'ana ine. "Khanda limalandira pang'ono," anauza nesi. "Kabotolo kamodzi kakwanira onse awiri nthawi imodzi. Sungunulani, tiyambe pompano." Atabaya ana onse awiri, anandigwira pamkono n'kundilowetsa m'kaofesi kake, n'kutseka chitseko.

"Mwawatenga kuti?"

"Tagula m'tauni."

"Mayi, mankhwala awa ndinawaitanitsa ndine miyezi iwiri yapitayo. Ndinauzidwa kuti sanabwere. Nambala yake ndi iyi, ili m'fayilo yangayi." Anakhala pansi n'kutikita maso. "Sindikukuopsezani. Mwana wanu ndimubaya, munene kapena musanene. Koma awa akwana masiku atatu okha, ndipo anawa akufunika masiku khumi kapena kuposa. Kumene achokera awa kuli ena. Kuli timapaipi, kuli magolovesi. Ana awiri atuluka m'chipinda chija atakulungidwa m'nsalu. Ndani wakupatsani?"

Ndinaganiza za amuna anga atagwada pamaso pa munthu uja. Ndinaganiza za apongozi. Kuseri kwa khoma makina a pabedi lina anayamba kulira, ndipo sindinathe kudziwa ngati ndi lachitatu kapena lachinayi.

"Amuna anga," ndinatero. "A Ngolo."

Ndinanena zonse, za Lachisanu, za galimoto, za kuseri kwa msika. Dokotala ankalemba. Nditamaliza anandifunsa ngati ndikudziwa kuti akuyenera kupita nazo kwa akuluakulu. Ndinati ndikudziwa.

Tsiku lotsatira akuluakulu a chipatala anabwereka mankhwala otsalawo ku chipatala china, ndipo anafika dzuwa lisanalowe. Zimene ankati zitenga sabata ziwiri zinatheka ndi foni imodzi. Koma mwana wa pabedi lachitatu anali atafooka kale. Lachitatu chakumasana anakoka katani.

Ndinawapeza mayi ake kumalo kogona amayi odikirira ana awo odwala, akupinda nsalu n'kumaika m'chikwama. Sankalira. Nkhani inali itamveka kale chipatala chonse.

"Ndamva kuti ndi amuna anu aja a ngolo," anatero osatembenuka. "Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse pakhonde. Ati mwana wadzuka bwanji, mayi."

"Pepani, achemwali."

"Ndinawafunsa adokotala. Ndinati akanayamba Loweruka, akanachira? Akuti sangalonjeze, koma mwina." Anatseka zipi n'kundiyang'ana. "Inu munadziwa liti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Lamulungu lija, pabenchi paja, ine ndikuimba mafoni, munkadziwa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anakoleka chikwama paphewa. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Mkaka wanga uli m'kapu pashelefu muja," anatero. "Muwauze anesi autaye."

Apolisi anabwera kunyumba Lachinayi masana. Ndinali nditangofika kudzasintha zovala. Amuna anga anali ataimitsidwa kale ntchito, ndipo chiyambire Lachiwiri anali asanandilankhule. Apongozi ataona galimoto pakhomo, anandilumphira.

"Ndi uyu! Ndi mkazi uyu wagulitsa mwana wanga! Mwamuna wakagwada kuti apulumutse mwana wako, iwe n'kukamutchula? Ndiwe munthu iwe? Unatuluka m'mimba ya munthu?"

"Amayi, anandifunsa."

"Ukanati sukudziwa! Pakamwa pakanatupa? Anzako amasunga za m'nyumba, iwe wakaziyanika pamsewu. Ndiye udye chiyani tsopano? Udye chilungamo chakocho?"

Aneba anali atadzaza pampanda. Wapolisi wamkulu anawerenga pepala lake. Anati abwana a kosungira mankhwala akanitsitsa, ati iwo sadziwa kanthu, ndipo akhala akukayikira waganyu wawo kwa nthawi yaitali. M'buku la pageti munali siginecha imodzi yokha, ya amuna anga, kuyambira Januwale.

Amuna anga anatuluka kuchipinda atavala malaya oyera. Apongozi anawakumbatira m'chiuno akulira.

"Auze kuti mkaziyu wanama! Auze kuti ali ndi misala ya uchembere!"

Amuna anga anawachotsa manja pang'onopang'ono.

"Amayi, musiyeni. Sananame. Ndinanyamula ndine." Anatembenukira kwa wapolisi. "Koma sindinkanyamulira m'nyumba muno. Fufuzani, mupeza wailesi yakufa ndi makina osokera. Tiyeni ndikakuonetseni kumene ndinkatsitsa."

Pokwera galimoto anaima n'kundiyang'ana koyamba m'masiku atatu.

"Ali bwanji?"

"Makhololo ayamba kuyera."

"Nanga uja wa pafupi naye?"

"Anapita dzulo."

Anangoima atagwira chitseko cha galimoto. Wapolisi anawakankha pamsana, iwo n'kulowa.

Kuseri kwa msika anakapeza chipinda chosesedwa bwino, mashelefu opanda kanthu, pansi pakununkha sopo. Mlamu wa abwana anati chipindacho n'chosungiramo mipando yothyoka, ndipo munthu wa ngoloyu sanamuonepo chibadwire. Amuna anga anawatsekera kudikira mlandu. Apongozi analongedza katundu wawo n'kupita kwa mwana wawo wamkazi, osanditsanzika.

Mwana wanga anamuchotsa pa makina atakwanitsa masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Ankapuma yekha, movutikira, nthiti zikulowa m'kati, koma ankapuma. Dokotala anati mapapo ake avulala, ndipo zaka zoyambirira chifuwa chilichonse chizidzatibweretsa kuchipatala. Anatisamutsira kuchipinda china kumene amayi amafungatira ana awo pachifuwa.

Ndili kumeneko, Nesi Wamtali anabwera kudzatiwona pa nthawi yake yopuma. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuvula nsapato imodzi, kutikita phazi.

"Ndimati mumve kwa ine," anatero. "Ofufuza amene akuluakulu a chipatala anatuma amaliza. Lipoti lawo likuti katundu ankabedwa ndi waganyu mmodzi, ndipo wagwidwa."

"Nanga adokotala? Analemba zonse zija."

"Adokotala awauza kuti ntchito yawo ndi kuchiza ana, osati kulondera makatoni."

"Nanga abwana aja?"

"Awasamutsa. Akuti pano mbiri yawo yaipitsidwa popanda chifukwa. Dzulo anzawo anawachitira phwando lotsanzikana m'kantini."

"Awasamutsira kuti?"

"Ku chipatala chachikulu. Akayang'anira kosungira mankhwala konse."

Mwana anagwedezeka pachifuwa panga. Ndinamugwira kumsana, ndikumva kupuma kwake kukukwera ndi kutsika pansi pa chikhatho changa.

"Kumenekonso kuli makanda a pa makina?" ndinafunsa.

Nesi anavala nsapato yake n'kuimirira. Anayang'ana wotchi, poti nthawi yopopa inali itakwana.

"Ndinaphunzirira ntchito kumeneko," anatero. "Kuli makina makumi awiri ndi anayi."